CHENJEZO: Ana a Chisilamu ayambanso kubisa mayina awo

Makolo, aphunzitsi, abusa, ansembe, mashehe, mabwana olemba anthu ntchito, ndi nonse amene mumagona foni ili kumutu, tcherani khutu. Pakati pathu pakukula ana amene aphunzira kuti Chisilamu chawo n'chosiya pakhomo potuluka m'mawa, n'kudzachitenganso madzulo pobwera. Zimenezi sanaziwerenge m'buku. Tawaphunzitsa ndife, m'kalasi, mu minibasi, m'magulu a pa WhatsApp ndi pa mzere wofunsira ntchito. Nkhaniyi ikufunika changu, pakuti mwana sadikira kuti akuluakulu amalize misonkhano yawo. Chaka chilichonse chimene tikuzengereza, gulu lina la ana likulemba mayeso a Sitandade 8 litazolowera kale kuchita manyazi ndi kwawo.

Musaganize kuti ndi ana ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko muno, ndiko kuti oposa 2 miliyoni. Ku Mangochi ndi ku Machinga amaposa a zipembedzo zina zonse kuphatikiza pamodzi, ndipo ku Balaka, Salima, Nkhotakota ndi Zomba aliko ambiri ndithu. Popeza pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18, tikukamba za ana okwana miliyoni kapena kuposerapo. Ambiri ndi Ayao, koma aliponso Achewa a ku Nkhotakota, Alomwe, Angoni ndi ana a amwenye a ku Limbe.

Amene akukayika akaime pafupi ndi geti la sukulu m'tauni, 7 koloko isanakwane. Mtsikana wa Sitandade 7 wachoka kunyumba atafunda hijab bwinobwino, mayi ake atamumangira ndi kapini pansi pa chibwano. Akafika pa kagolosale kotsiriza asanakhotere ku geti, amayang'ana uku ndi uku, amasula kapini kaja n'kukaluma pamilomo, apinda nsaluyo kanayi, aikankhira pansi pa makope m'chikwama. Masana poweruka, pamalo omwewo, aitulutsa itakwinyika n'kufundanso kuti asakafike kwa mayi ake mutu uli poyera. Palibe amene wamumenya. Mwinanso pasukulupo palibe lamulo lomuletsa. Chimene akuthawa ndi pakamwa pa anzake: “Ninja uja wafika.” “Mwabisamo bomba m'menemo?” Ndipo choipitsitsa ndi kuseka kwa aphunzitsi amene anamva mawuwo n'kungopitiriza kulemba pa bolodi.

Mchimwene wake wamaliza Fomu 4. Pa kalata yofunsira ntchito Yusufu wasanduka Joseph, ndipo mzuli wake umakhala m'thumba la thalauza. Lachisanu masana akafuna kupita kukaswali amauza abwana kuti ali ndi kanthu kofunika kubanki. M'mwezi wa Ramadan anzake akamuitanira chipisi amayankha kuti m'mimba simuli bwino, chifukwa akanena kuti akusala, nkhani ya tsiku lonse mu ofesi ikhala iyeyo. Agogo ake akaimba foni kuchokera ku Namwera akulankhula Chiyao, iye amatuluka panja kapena kuyankha m'Chichewa mwachidule, “Ndikuimbirani,” n'kudula. Wamva kambirimbiri azisudzo akuseketsa anthu poyerekeza kalankhulidwe ka kwawo, ndipo waona mmene holo yonse imagwera pansi ndi phwete.

Zimenezi tinazionapo kale m'dziko muno, ndipo mtengo wake tikulipirabe. Chisilamu chinafika kuno amishoni asanabwere. Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, ya Blantyre mu 1876. Kwa zaka makumi angapo pambuyo pake, sukulu zinali m'manja mwa mipingo. Boma la atsamunda linadzakhazikitsa dipatimenti yake ya maphunziro mu 1926. Kulowa sukulu masiku amenewo kunali kulowa njira yopita ku ubatizo. Kholo la Chisilamu linkayenera kusankha pakati pa mwana wodziwa kulemba Chingerezi amene adzabwerere kunyumba ali wa mpingo wina, ndi mwana wotsala m'chipembedzo cha makolo ake wopanda satifiketi. Ambiri anasankha kumusiya ku madrasa kwa mwalimu. Ena anatumiza ana awo ndi dzina lobwereka, ndipo mpaka lero m'mabanja ambiri muli agogo a mayina awiri, lina la pa satifiketi, lina la kumzikiti.

Ufulu utabwera mu 1964, akalaliki, aphunzitsi ndi anamwino anachokera makamaka kumene mishoni inaphunzitsa anthu, ndipo madera a Asilamu anatsalira. Apa ndiye panabadwira bodza lija limene mwana wa lero akulimvabe: “Achawa safuna sukulu, ntchito yawo n'kusoka pakhonde ndi kupita ku Joni.” Anthu anawatsekera chitseko, kenako n'kumawaseka kuti bwanji ali panja. Pulayimale yaulere ya 1994 inatsegula chitseko chija. Tsopano ife, ndi nthabwala zathu, tayamba kuchikankhanso pang'onopang'ono.

Pali mwala wina umene ana amagendedwa nawo, makamaka m'phunziro la mbiri yakale. Aphunzitsi akafika pa malonda a akapolo, natchula Jumbe, Makanjira, Mponda, kapena Mlozi amene anapachikidwa ku Karonga mu 1895, kalasi yonse imatembenuka kuyang'ana mwana mmodzi uja wa dzina la Chiarabu. Mbiriyo ndi yoona ndipo iphunzitsidwe yonse, osabisa kanthu. Koma iphunzitsidwe yonsedi: kuti ogwidwa ndi kugulitsidwa analipo a mitundu yambiri, Ayao omwe, ndipo kuti ogula kutsidya la nyanja sanali a chipembedzo chimodzi. Mwana wobadwa mu 2012 sanagulitsepo munthu. Mphunzitsi amene amalola kuti maso a kalasi yonse amulase mwanayo wamuuza, popanda kutsegula pakamwa, kuti mbiri ya dziko lino ndi mlandu umene iye ali woimbidwa.

Pamwamba pa zakalezo pabwera zatsopano zochokera kunja. Kuyambira mu 2001 mwana wa Chisilamu anasanduka “Osama”. Atsikana a ku Chibok atabedwa ku Nigeria mu 2014 anasanduka “Boko Haram”. Nkhondo itabuka ku Mocímboa da Praia m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique mu October 2017, anasanduka “al-Shabaab”, ndipo dzina limeneli limaluma kwambiri chifukwa Mozambique ndi pakhomo pathu pomwepa. Amene amatonzayo sadziwa, kapena safuna kudziwa, kuti ambiri mwa anthu amene zigawengazo zawapha ndi kuwathamangitsa m'midzi mwawo ndi Asilamu anzawo a mwanayo. Iye amamva chisoni ndi mantha ngati wina aliyense, kenako m'mawa mwake amapita kusukulu kukafunsidwa ngati akuwadziwa.

Pakamwa pakazolowera, manja satenga nthawi. Chisankho cha June 1999 chitatha, Bakili Muluzi atapambananso, mizikiti inatenthedwa m'chigawo cha kumpoto, ngati kuti amene anaponya voti ndi makoma a mzikiti. Mu June 2003, alendo asanu oganiziridwa kuti akugwirizana ndi al-Qaeda atatulutsidwa m'dziko muno mwachinsinsi, ku Mangochi kunabuka zipolowe ndipo matchalitchi anaonongedwa. Anthu asanuwo anadzamasulidwa popanda mlandu. Mu November 2019, ku M'manga m'boma la Balaka, mkangano wa hijab pa sukulu za mpingo wa Anglican unafika pomenyana, anthu anavulala, nyumba zopemphereramo zinaswedwa, sukulu zinatsekedwa. Mu October 2020 ofesi ya mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Katolika ya Mpiri ku Machinga inatenthedwa pa nkhani yomweyo. Bungwe la Public Affairs Committee linakhalitsa pansi mbali zonse, ndipo mu June 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasainirana mgwirizano wolola atsikana kuvala hijab ya mtundu wogwirizana ndi yunifolomu ya sukulu yawo.

Mgwirizanowo ndi wabwino, ndipo amene anaukhetsera thukuta ayamikidwe. Koma pepala losainidwa silifika lokha pa kagolosale paja. Moto wa pa ofesi ya sukulu manyuzipepala amaujambula, nduna zimabwera, apolisi amafika. Manyazi a mwana palibe amene amawajambula. Amadya ngati chiswe mu mtanda wa denga: kunja nyumba ili bwinobwino, anthu akulonjerana pa msika, akuyenderana pa maliro, pamene m'kati mwatsala fumbi.

Kodi mwana woteroyo amakathera kuti? Wina amasankha kutaya za kwawo kuti apulumuke. Amapambana mayeso, amapeza ntchito ku Lilongwe, koma Chiyao chimamuthawa pakamwa, ndipo akapita kumudzi pa Eid amakhala ndi agogo ake pa mkeka ngati mlendo wodikira basi. Tsiku limene bambo ake adzamwalire, adzaima pambali anthu ena akusambitsa thupi ndi kulikulunga mu sanda, iye osadziwa pogwira ndi pa jeneza pomwe. Ife timamuyamikira kuti ndi wotsogola. Usiku akakhala yekha amadziwa chimene wataya, ndipo amadziwa amene anamutayitsa.

Wina amasankha kutaya sukulu. Mtsikana amene watopa ndi kupinda nsalu kawiri pa tsiku amayamba kujomba Lolemba, kenako sabata yonse, kenako mukumva kuti wakwatiwa. Mnyamata amagulitsa njinga ya bambo ake n'kukwera basi ya ku Johannesburg. Sindikunena kuti tsankho lokha ndilo limachotsa ana pasukulu. Umphawi, mtunda wautali ndi maukwati a ana zili pomwepo, ndipo zimapweteka ana a zipembedzo zonse. Koma mwana amene akulimbana kale ndi njala safunika kumuonjezera chifukwa china choti agonere m'mawa.

Wachitatu ndiye woti atidetse nkhawa tonse. Ameneyu sabisa kanthu, wakwiya. Wafunsa mafunso kunyumba, bambo ake amuuza kuti angopirira. Wafunsa kusukulu, amuseka. Ndiye watenga foni, wagula bandulo ya usiku, wapeza mlaliki wa kutali pa YouTube kapena pa TikTok amene sanapondepo ku Malawi, amene akumuuza kuti, “Waona? Anthu amenewo sadzakukonda. Dziko limenelo si lako.” Mlalikiyo samaliza pamenepo. Amamuuzanso kuti Chisilamu cha agogo ake, chokhala ndi sikiri, sadaka ndi ziyala, n'chachabechabe. Mkangano wa miyambo imeneyi pakati pa Akadiriya, amene amaitsatira, ndi anzawo otsutsa ndi wakale, ndi wa Asilamu eni ake, ndipo ine ndilibe mpando woweruzirapo. Chondiopsa n'chakuti mwanayu akuulowa ali ndi bala, mphunzitsi wake ali munthu wosaoneka. Tamuchotsa pa Umalawi wake ndi chipongwe chathu, wina uja wamuchotsa pa Chiyao chake, watsala wopanda pogwira. Achinyamata otere ndiwo amene magulu oipa amawasaka kulikonse pa dziko lapansi. Amene amatcha mwana “al-Shabaab” tsiku ndi tsiku azindikire kuti akugwirira ntchito yaulere anthu omwe akuti amawaopawo.

Kwa inu abale anga a mipingo: sukulu zambiri munamanga ndinu, ndipo palibe angakulandeni ulemu umenewo. Koma sukulu yothandizidwa ndi boma aphunzitsi ake amalipidwa ndi msonkho wa aliyense, wa msodzi wa ku Makanjira ndi telala wa ku Ntaja womwe. M'midzi yambiri sukulu ya mpingo ndiyo yokhayo imene mwana angafikeko ndi miyendo. Kumuuza kuti “ngati simukufuna malamulo athu pitani kwina” n'kumuuza kuti akhale pakhomo. Ndipo nsalu ya kumutu inayamba liti kukuopsani? Asisitere amafunda. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano ndi a Dorika amamanga duku tsiku la msonkhano, ndipo timawapatsa njira mwaulemu. Pa ukwati timatuma mwana kukaitana neba wa Chisilamu kuti adzachinje mbuzi kuti alendo onse adye. Ngakhale mdulidwe umene anyamata a ku jando ankasekedwa nawo, lero achipatala akuulimbikitsa kwa amuna onse. Dzanja la munthuyo timalifuna pa mpeni, koma mwana wake wamkazi timamubweza pa geti. Abusa ndi alaliki a m'misika amene mumakweza zimkuzamawu n'kumatchula chipembedzo cha anzanu ngati chiwanda, dziwani kuti m'gulu lomveralo muli ana a Sande sukulu amene Lolemba akakhala pa desiki imodzi ndi Amina.

Kwa inu mashehe ndi makolo a Chisilamu, mawu anga ndi olemera chimodzimodzi. Ofesi ya ku Mpiri itapsa, amene anataya masiku a sukulu anali ana anu omwe, ndipo amene anapeza nkhani yatsopano yotonzera anali adani a ana anuwo. Mwana akamva akuluakulu akutchula anzake a m'kalasi kuti “makafiri” monyoza, akuphunzira matenda omwewo amene akumupweteka. Musamuchotse mtsikana pasukulu chifukwa cha mkangano wa nsalu. Pitani naye, mukakhale pa benchi ya ofesi mpaka nkhani ithe. Ndipo mwana akabwera ndi funso lovuta, musamutseke pakamwa ndi “usamafunse zimenezo”. Mukakana kumuyankha inu, foni imuyankha. Mulankhuleni Chiyao ngakhale muli ku Area 25 kapena ku Ndirande. Muuzeni za Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene anaphunzitsa Chisilamu m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi agogo ake asanabadwe, kuti adziwe kuti chipembedzo chake sichinabwere dzulo pa ndege.

Lamulo lili kumbali ya mwanayo, ndipo aphunzitsi aakulu alidziwe. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo, mtundu kapena chilankhulo. Gawo 25 limapereka ufulu wa maphunziro kwa aliyense, gawo 26 ufulu wa chilankhulo ndi chikhalidwe, gawo 33 ufulu wa chipembedzo. Mu 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti n'kulakwa kuletsa ana a Chirasta kulowa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Mphunzitsi wamkulu amene akubwezabe mwana pa geti chifukwa cha chizindikiro cha chikhulupiriro chake akuyenda pa malo oterera. Kuononga nyumba yopemphereramo, kaya tchalitchi kaya mzikiti, ndi mlandu wa kupolisi. Kuzunza munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti nakonso ndi mlandu pansi pa lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa makina. Ma admin a magulu a pa WhatsApp amene mumasiya kanema wa nkhondo ya dziko lina akuzungulira ndi mawu akuti “awa ndi omwe tikukhala nawowa”, mufufute lero lomwe, ndipo wotumizayo mumuuze pagulu pomwepo, osati kumbali.

Zambiri zofunika kuchita sizilira ndalama. Pa sukulu yogonera komweko, m'mwezi wa Ramadan, n'zotheka kusungira ana osala chakudya cha futali ndi kuwalola kudzuka kudya daku popanda kuwalemba m'buku la osamvera. Mayeso a pakati pa teremu angathe kupewa Lachisanu masana. Kumene kuli ana ambiri a Chisilamu, komiti ya sukulu ifunse chifukwa chake phunziro la Religious and Moral Education silikuphunzitsidwa pambali pa Bible Knowledge, pakuti onse awiri ali m'ndondomeko ya maphunziro. Mphunzitsi akamva “ninja” kapena “Boko Haram” m'kalasi, aike choko pansi nthawi yomweyo. Mphindi ziwiri zimenezo ana adzazikumbukira kuposa phunziro la tsikulo. Olemba ntchito, dzifunseni moona kuti kalata ya Yusufu ndi ya Joseph mumaziika pa mulu umodzi kapena ayi.

Makolo a mbali zonse, funsani ana anu usiku uno. Wa Chikhristu mumufunse kuti mnzake wa Chisilamu amamutcha dzina lanji pa bwalo la mpira. Wa Chisilamu musamufunse kuti “zikuyenda bwanji kusukulu”, chifukwa adzangoti bwino. Tsegulani chikwama, muone ngati hijab yakwinyika, mufunse dzina limene analembetsa, mufunse kumene amakhala nthawi ya chakudya m'mwezi wosala. Mukapeza kuti akutonzedwa kapena wabwezedwa, lembani tsiku, mawu amene ananenedwa ndi amene analipo, mupite kwa mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi wapampando wa komiti ya sukulu kapena wa PTA. Zikakanika pamenepo, pitani kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu, kenako ku ofesi ya maphunziro ya paboma. Ngati nakonso sakukumvani, dandaulo lanu lingathe kupita ku Malawi Human Rights Commission kapena ku ofesi ya Ombudsman, ndipo amipingo ndi amizikiti angathe kuitana Public Affairs Committee mkangano usanafike pa miyala. Ngati mwana waopsezedwa kapena wamenyedwa, musadikire makomiti: pitani ku Victim Support Unit pa polisi yapafupi tsiku lomwelo, mwanayo muli naye.